Kabuleta ya thirakitala yakale yachita dzimbiri, ndichotse ndi chani osaiwononga?

Mphwake_wa_Ngabu walemba:

Akuluakulu ndi anzanga nonse odziwa za mainjini tandipatseniko nzeru. Pakhomo pathu kuno ku Ngabu pali thirakitala yakale ya Ferguson, yaing'ono yotuwa ija, inali ya agogo aamuna kenako inatsalira amalume, ndipo mpaka 2022 imalira bwinobwino, timakokera ngolo ya thonje kupita kumsika komanso kututira njerwa ndi mchenga. Madzi a namondwe Freddy mu Malichi 2023 analowa mu shedi momwe imakhala, sanaimize yonse ayi koma anafika cha mmunsi mwa injini ndiye poti kabuleta yake, chija chimasakaniza mafuta ndi mpweya polowa mu injini, ili chammbali mmunsi inamwa madzi amatope aja. Chichokereni nthawi imeneyo palibe waigwirapo, aliyense anali kalikiliki ndi zokonza nyumba. Pano amalume akuti ngati ndingathe kuidzutsa ndiziyendetsa ine, nde mtima wanga uli pamenepo kwambiri chifukwa kulipira ngolo ya ng'ombe ulendo ulionse ndalama zikutithera.

Ndamasula kabuleta ija ndaitsegula pakati. Mkati mwa kambale komwe mumakhala petulo muli dzimbiri lofiira lokhuthala, pansi pake matope anauma gwa, ndipo kachitseko ka tchoku, kochepetsa mpweya poliza injini yozizira, sikakutembenuka olo pang'ono. Anyamata ena pamsika akuti ndiiviike mu asidi wa batire, wina akuti Coca-Cola, wina akuti ndingoiponya pamoto dzimbiri lisweka lokha. Ine ndikuopa chifukwa ndikaiwononga ina ndikaipeza kuti? Amene munakonzapo zoterezi mumatani?

Dalaiva_wa_Dyeratu walemba:

Achimwene mwaonetsetsa kuti ndi kabuleta? Mathirakitala amene ine ndayendetsapo onse ndi a dizilo, Massey 135, 165, 290, amenewa alibe kabuleta ali ndi pampu ya majekita, ndipo pampu imeneyo simuitsegula pakhomo, imafuna kwa akatswiri ku Blantyre. Taonani kaye ngati injiniyo ili ndi mapulagi.

Mphwake_wa_Ngabu walemba:

Mapulagi alipo 4 akulu, ndi koyilo ndi disitibyuta yomwe. Thanki yake ili ndi zipinda ziwiri, amalume amalizira petulo kenako ikatentha amatembenuza kampopi nkuyamba kuyendera palafini.

Madala_Makanika_Nchalo walemba:

Mwana wanga, mwachita bwino kufunsa musanathire chilichonse. Imeneyo ndi Ferguson ya mtundu wa TE20, zimapangidwa ku Coventry ku England kuyambira 1946 mpaka 1956, ndipo poti mukuti ili ndi zipinda ziwiri ndiye kuti ndi TED20, ya petulo ndi palafini. Taonani kachitsulo ka nambala pafupi ndi chiwongolero mutsimikize. A ku Dyeratu sanalakwe, zinabwera pambuyo zambiri ndi za dizilo, koma zanuzo zinaliko ndipo ndi zolimba zedi.

Asidi wa batire ayi. Ndikubwereza, ayi. Amadya dzimbiri zoona koma sasiyira pomwepo, amadya mazinga a mabawuti, amadya malo osalala amene singano yotseka mafuta imakhalapo, ndipo akakudonthokerani mmaso ndi nkhani ina. Moto nawonso ayi, chitsulo chimapindika nde mbali ziwiri zija sizidzagwirananso bwino, petulo azidzangodontha mpaka kale.

Choyamba pezani maginito, olo a mu sipika yakutha ya wailesi, muwagunditse pa thupi la kabuletayo. Akamata ndiye kuti ndi chitsulo chenicheni ndipo dzimbiri lofiiralo ndi lake. Akapanda kumata ndiye kuti ndi zitsulo zofewa zija za zinki kapena aluminiyamu, zimenezo sizichita dzimbiri lofiira, zimangotuluka ufa woyera, ndiye zofiira mukuonazo zachokera mu thanki kapena pa tizitsulo tating'ono ta mkati. Izi nzofunika chifukwa mankhwala ake ndi osiyana, chimene chimatsuka chitsulo chimaononga zinki.

Musanamasule kalikonse jambulani pa foni mbali zonse. Pali tisikulu tosinthira mafuta, kena ka jeti yaikulu (jeti ndi kabawuti kobowoka komwe mafuta amadutsira) kena ka pamene injini ikungolira osayenda. Musangotizula. Kamangeni kaye pang'onopang'ono mukuwerenga kuti kazungulira kangati mpaka kukafika pothera, osakanikiza, kenako lembani papepala, pobwezera mudzayambira pomwepo. Anthu ambiri amatsuka kabuleta bwinobwino koma nkuvutika sabata yathunthu chifukwa cha tisikulu tiwiri timeneti basi.

Zimene zagwirana monga tchoku yanuyo musalimbane nazo ndi pulayazi. Thirani palafini kapena dizilo, kusakaniza ndi oilo pang'ono kulinso bwino, muisiye igone, mawa muigwedeze pang'ono uku ndi uku, muthirenso, mpaka ivomere yokha. Majeti ndi a mkuwa, ndi ofewa, sikuludiraiva ikhale yokwana ndendende mu mpata wake apo bii mutafuna mutu wake ndiye kuichotsa kudzafuna kubowola. Ikakanitsitsa isiyeni momwemo, bola mpweya uzidutsa.

Mukachotsa zamkuwa zonse ndi fuloti, kaja kamayandama pa petulo mkambale, tsukani kaye mafuta ndi girizi ndi palafini kenako madzi otentha a sopo waufa, chifukwa viniga salowa pamalo a mafuta. Ngati maginito anamata, viikani thupilo mu viniga woyera wamba wa mugolosale, limire lonse, usiku umodzi. Kutentha kwa kwathu kuno kumafulumizitsa ntchito ndiye mmawa itulutseni muikweche ndi mswachi wakutha muone, ngati dzimbiri likadalipo ibwezereni, koma isamagone masiku ambiri osaiona. Likatha muitsuke mmadzi amene mwasungunulamo soda, yemweyu amayi amathira mu therere, kuti aphe mphamvu ya viniga. Ndipo mverani apa, musatsukuluze ndi madzi a pamjigo ngati mjigo wanu ndi wamchere ngati yambiri ya ku Ngabu ndi kuno, mchere umabweza dzimbiri tsiku lomwelo. Madzi a mvula ngati munasunga, apo ayi a mumtsinje osefa bwino. Yanikani padzuwa pa lata, ikangouma pakani palafini kapena kaoilo kopyapyala nthawi yomweyo chifukwa chitsulo chotsukidwa kumene chimayamba kufiira mukuona.

Ngati maginito sanamate iwalani za viniga wogoneka usiku, ndipo kositiki soda musayandikize nkomwe, amasungunula aluminiyamu ndi zinki. Pamenepo ndi palafini, thina kapena mankhwala a mchitini opopera aja otsukira kabuleta, mswachi ndi kudekha basi.

Mayi_a_Dimba_Bangula walemba:

Madala afotokoza bwino, ine ndingoonjezerako zimene timachita kuno ndi mapampu a petulo othirira kudimba, chifukwa madzi akasefukira amatimizira chaka ndi chaka, 2015 zinachitika, 2019 zinachitika, namondwe Ana mu 2022 kenako Freddy. Bambo a kunyumba ndi amene amamasula koma kutsukako ndimatsuka ndine.

Tizinthu tamkuwa tija ife timatsuka ndi bwemba. Mumaviika bwemba mmadzi ofunda nkufinya kuti madzi ake akhale owawasa kwambiri, kusefa ndi kansalu, nkuponyamo majetiwo kwa kanthawi kochepa, mwina theka la ola, mukapukuta amawala. Mandimu amagwiranso. Koma osagoneka usiku, mkuwa ukakhalitsa mu zowawasa umasanduka wofiirira ndipo umafooka.

Pa zitsulo zikuluzikulu monga makasu a pulawo, matcheni ndi maspanala amene anakwiririka mmatope timagwiritsa molasesi, zakuda zomata zija zotsala popanga shuga, inu a ku Ngabu muli pafupi ndi Nchalo simungavutike kumupeza, alimi a ng'ombe amakhala naye. Kapu imodzi ya molasesi makapu 9 a madzi, mu ndowa ya pulasitiki, kumiza chitsulocho nkuvindikira, kusiya masabata awiri kapena atatu. Amachita thovu ndipo fungo lake ndi loipa, ikani kutali ndi nyumba komanso poti mbuzi ndi ana sangafike. Ubwino wake ndi wakuti amachotsa dzimbiri modekha mpaka mmakona mosafika dzanja, kuipa kwake ndi kuchedwako. Ngati simukuthamangira kulima mwezi uno ine ndikanasankha molasesi kusiyana ndi viniga, koma pa chitsulo chomata maginito chokha monga anenera madala.

China achimwene, petulo musamayamwe ndi pakamwa pa paipi, ndipo potsukapo pakhale kutali ndi mbaula. Kutentha kwa mu Okutobala kuno petulo amauluka msanga, moto umamupeza olo uli patali.

Mfana_wa_Sola walemba:

Palinso njira ya magetsi bwana, ine ndinaphunzira ku sukulu ya ntchito zamanja ndipo imagwira. Ndowa ya pulasitiki, madzi, soda supuni yaikulu imodzi pa malita 4 kapena 5. Waya wakuda wa negetivu mumangirira pa kabuletayo, wofiira wa pozitivu pa chitsulo china chakutha monga chidutswa cha ringi ba, zonse mmadzi koma zisakhudzane, nkulumikiza ku tchaja ya batire ya 12V. Mukaona tithovu tikutuluka ndiye kuti zayamba, dzimbiri limafewa nkusanduka zakuda zimene zimachoka ndi burashi. Mukasemphanitsa mawaya ndiye kabuleta yanu ndi imene idyeke, chonde onetsetsani. Chitsulo chosachita dzimbiri chija cha masupuni musagwiritse ku pozitivu, chimaipitsa madziwo kukhala poizoni, mchere musathiremo, ndipo chitirani panja chifukwa mpweya umene umatuluka umayaka. Magetsi akamavuta panelo ya sola imatha kugwira masana. Vuto lake imatsuka bwino kunja ndi mmalo oonekera, timabowo ta mkati sifika kwenikweni.

Madala_Makanika_Nchalo walemba:

Mfana wanena zoona pomalizapo, ndipo timabowo ta mkatito ndi pamene pagona nkhani yonse. Kabuleta ikhoza kuwala kunja koma injini nkukana kulira chifukwa kanjira kamodzi katsekeka ndi dothi. Njira iliyonse mungasankhe, pomaliza muyenera kupopera kabowo kalikonse. Ngati mulibe kompuresa pitani kwa okonza matayala pamseu wa M1 akupopereni, kapena pampu ya njinga imakwana, wina azipopa inu mutagwira kapaipi pa bowo chala china chikumva ngati mpweya ukutulukira mbali inayo. Thiraninso palafini ndi sirinji muone ngati akudutsa. Jeti muiyang'anitse kudzuwa, bowo lioneke lozungulira bwino. Singano yosokera kapena waya wachitsulo musalowetsemo, bowo limenelo analiyeza kufakitale, mukalikuza pang'ono pokha thirakitala izidzamwa mafuta kwambiri nkumatulutsa utsi wakuda mapulagi nkumada. Ngati pali chotsekeka tengani kaulusi kamodzi ka mkuwa ka mu waya wamagetsi wofewa uja, kapena tsitsi la burashi ya pulasitiki.

Tsopano chimene chikundidetsa nkhawa ine si kabuleta ayi, ndi thanki. Ferguson imeneyo ilibe pampu ya mafuta, thanki ili pamwamba pa injini mafuta amangotsika okha, ndiye chilichonse chili pansi pa thanki chimathera mu kabuleta. Thirakitala yakhala osayenda kuyambira 2023 ndi mafuta otsalira mkati, usiku chitsulo chikazizira mkati mumachita thukuta, komanso petulo wa ku Malawi kuno amasakaniza ndi ethanol wopangidwa kuchokera ku molasesi, wina amapangidwa konkuno ku Chikwawa wina ku Dwangwa, ndipo ethanol chibadwa chake amakoka chinyezi. Galimoto yoyenda tsiku lililonse zilibe kanthu, koma chinthu choima zaka madzi amadikha pansi nkuyamba kudya chitsulo. Mukatsuka kabuleta yokha nkubwezera, ilira tsiku limodzi mawa lake yatsekekanso.

Ndiye tsitsani thankiyo, khuthulani zonse, chotsani kampopi, ponyanimo manati ndi mabawuti akale odzaza manja awiri mutawawerenga kuti adzatuluke onse, thiranimo palafini kapena dizilo, tsekani, anthu awiri muzikhutchumula mbali zonse mpaka mikono itope. Khuthulani muone zimene zituluke. Bwerezani mpaka zizituluka zoyera. Poti ili ndi zipinda ziwiri chitani zonse ziwiri. Kuunika mkati gwiritsani tochi, machesi ayi, ndipo ikapezeka yabowoka musathamangire nayo kwa owotcherera isanatsukidwe bwino, thanki yopanda mafuta koma ya fungo la petulo ndi imene imaphulika.

Pansi pa kampopi pali kagalasi kosungira zinyalala ndi kasefa kake, tsukani, ngati kasefako kanang'ambika ikani fyuluta yaing'ono yoonekera mkati pa paipi, koma ikhale yoti mafuta amadutsa okha mosavuta ngati za njinga zamoto, zina za galimoto zimafuna pampu ndiye zimachepetsa mafuta. Paipi yomweyo muipoperenso.

Ndipo poti madzi anafika mpaka pa kabuleta, musaliza injiniyo musanaone oilo. Masulani bawuti ya pansi pang'ono, madzi ndi olemera ndi amene amayamba kutuluka. Oilo akakhala ngati tiyi wamkaka ndiye kuti walowa madzi, sinthani ndi fyuluta yomwe. Chitani chimodzimodzi ku giyabokosi ndi kumbuyo chifukwa oilo yemweyo ndi amene amanyamula pulawo. Chotsani mapulagi muthire tioilo pang'ono mmabowomo, mupukuse injini ndi handulo muone ngati ikuzungulira. Kambale ka oilo ka pansi pa eya kilina nakonso kakhuthuleni, fumbi la kuno mukulidziwa.

Mphwake_wa_Ngabu walemba:

Zikomo kwambiri madala, amayi a ku Bangula takhuta, nawe mfana zikomo. Maginito amata thupi lonse ndiye ndatsata ya viniga poti mvula yayandikira sindingadikire molasesi, koma matcheni a ngolo ndawaika mu molasesi monga mwanenera amayi. Dzimbiri lachoka ndithu, tchoku yamasuka itagona mu dizilo. Thanki titakhutchumula munatuluka zinthu zochititsa mantha, makoko a dzimbiri ndi madzi ofiira. Oilo wa injini anali bwino koma wa kumbuyo ndi amene analowa madzi.

Pano ndatsala ndi mafunso awiri. Pansi pa kambale patsala timaenje ting'onoting'ono pomwe dzimbiri linadya, sipanabowoke koma pakuoneka pokumbika, kodi pamenepa nditani? Chachiwiri fuloti ndikaigwedeza pafupi ndi khutu ndikumva kuti mkati muli timadzi, ndipo gasiketi ya pakati inang'ambika potsegula.

Madala_Makanika_Nchalo walemba:

Timaenjeto tisakudetseni nkhawa ngati sipakudontha. Tsekani mabowo a pansi, thirani petulo mkambalemo, ikani pa pepala louma pamthunzi kwa maola angapo, pepala likakhala louma isiyeni choncho. Musapake penti mkati kapena silikoni, petulo amazifewetsa zimamatuka nkukatseka jeti. Pokhapokha pakakhala pobowoka ndi pomwe mungamate ndi guluu wa zitsulo wosakaniza uja, wolembedwa kuti amapirira petulo, ndipo pamalopo pakhale pouma popanda mafuta.

Fuloti ndiye yabowoka, ndipo ikatero imamira, singano sitseka, petulo amasefukira nkumadontha pansi pa kabuleta. Kuti mupeze bowo tenthetsani madzi, muwachotse pamoto mupite nawo kutali, mumize fulotiyo ndi kamtengo, mpweya wa mkati ukatentha uzituluka tithovu pamene pali bowo, kawirikawiri ndi pamsoko. Chongani ndi pensulo. Zamkatizo ziyenera kutuluka zonse musanamate, ndiye iyanikeni padzuwa bowo litaloza pansi, muziibwezera mmadzi otentha mpaka mukagwedeza musamve kanthu. Kenako pitani kwa wokonza mawailesi kapena mafoni amate ndi sodala ya kachitsulo kotentha ka magetsi, osati lawi la moto, ndipo sodalayo ikhale yochepetsetsa chifukwa ikachuluka fuloti imalemera nkumakhala ngati yabowokabe. Ikazizira iyeseninso mmadzi otentha. Ngati msoko wonse wang'ambika timing'alu tambiri musataye nthawi, funsani kwa ogulitsa zipangizo zakale ku Limbe kapena ku Ndirande mutanyamula kabuleta yonseyo mmanja kuti akayerekeze, dzina ndi nambala zimakhala zolembedwa pathupi pake, zambiri za mtundu umenewu ndi Zenith.

Yang'ananinso singano imene fuloti imakankha. Nsonga yake ikakhala ndi mzere wokumbika kuzungulira ndiye kuti yatha. Poyesa, bwezerani singano ndi fuloti, lumikizani kapaipi koyera polowera mafuta muuzire, mukatembenuza chadodolido kuti fuloti itsamire singano mpweya usadutse, mukaibweza udutse.

Gasiketi dulani nokha. Gulani pepala la gasiketi lopyapyala mmashopu a zipangizo za galimoto ku Nchalo kuno limapezeka, makulidwe ake afanane ndi yakaleyo chifukwa yokhuthala kwambiri imasintha mlingo wa petulo mkambale. Pakani kaoilo mmphepete mwa kambale, dindani pa pepalalo, mzere uoneka, dulani ndi lezala, mabowo a masikulu mubowole kaye musanadule kunja kuti lisang'ambike, ndipo muonetsetse kuti timabowo ting'onoting'ono ta njira za mafuta natonso mwatibowola. Pomanga masikulu muzimanga mopingasa pang'onopang'ono, osamaliza imodzi kenako inzake.

Tsiku loliza muyambe ndi petulo watsopano, palafini mutembenuzire injini ikatentha bwino, ndipo pozimitsa muzibwerera ku petulo kwa mphindi zingapo kuti mkambale musagone palafini, ikazimira pa palafini pansi pa kabuleta pali kampopi kokhuthulira musanalizenso. Ikalira koma nkumafuna tchoku nthawi zonse ndiye kuti kanjira kena sikanatseguke kapena ikuba mpweya pa gasiketi ya ku manifodi, paipi yochokera ku kabuleta kulowa mu injini, mudzandiuze mmene ikumvekera ndi mtundu wa utsi wake.